Voliyumu ya pa laputopu: tiziikweza mpaka 100 kapena tizikwezera pa mikisa?

Mphatso: Moni akuluakulu nonse. Pali nkhani yomwe tikukokana ndi mnzanga amene timagwira naye zokuzira mawu kutchalitchi. Nyimbo za pa chopereka timaziyimba kuchokera pa laputopu, waya umachoka pa kabowo ka mahedifoni kupita ku mikisa. Iye akuti voliyumu ya pa laputopu izikhala pa 20 basi, kukweza tizikwezera pa mikisa, ati ikafika pa 100 imaswa mawu. Koma nyimbo ikangosiya kukumamveka ka "shiiii" m'masipika, mpaka amayi a kwaya kumacheuka. Kodi voliyumu ya mu Windows ija imakhudza kukoma kwa mawu, kapena kukwezera apa ndi apo n'chimodzimodzi?

A Gondwe: Mwanawe, ka "shiiii" ako mukukakuza nokha. Sound card iliyonse, kachipangizo kotulutsa mawu mu kompyuta kaja, ili ndi kaphokoso kake ka magetsi, kamakhalapo ngakhale usakuyimba kalikonse. Ukatsitsa voliyumu pa laputopu chimene chatsika ndi nyimbo, kaphokoso kaja kali pomwepo. Ndiye ukapita pa mikisa kukapotoza gain, kabatani kokuzira mawu olowa mu mikisa, kuti a kumbuyo amve, wakweza zonse ziwiri. Zili ngati mchenga wa mumpunga. Supuni imodzi m'thumba lonse sungaumve, koma supuni yomweyo m'kapu imodzi ya mpunga, mano aona zakuda. Kwezani laputopu, tsitsani gain. Ine pa zikwati ndi zinkhoswe ndimatero kuyambira nthawi ya ma CD.

Madalitso: Bambo Gondwe, ulemu wanu ulipo koma apa ndikana. Yanga ikafika pa 100 kalaiti kofiira pa mikisa kamangoyaka osazima, bezi kumveka ngati chapepala. Mnzake wa Mphatso sakunama.

A Gondwe: Waya wako umalowetsa pa bowo liti?

Madalitso: Pa la mano atatu lija, la maiki. Ndi waya umene ndili nawo.

Thoko: Achimwene, vuto lili pomwepo, laputopu ilibe mlandu. Bowo la maiki linapangidwa kuti lizilandira timphamvu tochepa kwambiri totuluka mu maiki, kenako mikisa imatikuza. Laputopu ikakhala pamwamba imatulutsa pafupifupi volt imodzi, yomwe ndi yochuluka kwambiri pa bowo limenelo. Lowetsani pa line, pa mabowo awiri a stereo kapena pa ofiira ndi oyera aja. Ndipo samalani ndi batani la 48V. Mphamvu ya batani limeneli, yotchedwa phantom, ndi yoyendetsera maiki ena ndipo imatulukira pa bowo la maiki lomwelo, ikadutsa mu waya wosinthidwa ikhoza kukawotcha kotulukira mawu ka laputopu yanu.

Madalitso: Eee, la 48V limakhala loyaka chifukwa cha maiki a kwaya.

Thoko: Ndiye chotsani waya umenewo lero lomwe.

Mphatso: Ife tili pa line, asisi. Koma ndikufuna kumvetsa zenizeni, chifukwa mnzangayu sangagonje ndikangomuuza kuti a Gondwe atero. Ndinawerengapo kuti kutsitsa voliyumu mu kompyuta kumadya ma bit. Ndi chiyani chimenecho?

Thoko: Chabwino, khalani pansi. Nyimbo mu kompyuta ndi manambala. Ya mtundu wa CD, umene Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, imayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi, ndipo muyeso uliwonse umalembedwa ndi ma bit 16. Ma bit 16 amapereka masitepe 65,536 kuchoka pansi penipeni kufika pamwamba penipeni. Bit imodzi ndi pafupifupi 6 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), ndiye 16 ndi pafupifupi 96 dB pakati pa mawu okwera kotheratu ndi pansi pomwe manambala amathera.

Mukatsitsa voliyumu mu pulogalamu, kompyuta imachepetsa manambala aja. Kutsitsa ndi 6 dB ndi kugawa nambala iliyonse pakati. Nyimbo imene imagwiritsa ntchito masitepe onse tsopano ikugwiritsa theka. Mukatsitsa ndi 24 dB mwataya ma bit anayi, mwatsala ndi 12, masitepe 4,096 okha. Mawu apansipansi, monga piyano ikamazirala kumapeto kwa nyimbo, ndi amene amayamba kukhakhala. Mukakakwezera pa mikisa masitepe otayika aja sabwerera.

Yamikani: Asisi Thoko, samu yanu ili bwino koma nkhaniyi ndi ya nthawi ya Windows XP. Kuyambira pa Vista, imene inafika kwa anthu mu 2007, Microsoft inasintha mmene mawu amayendera. Mawu a mapulogalamu onse amasakanizidwa mu 32-bit float, manambala okhala ndi mpata waukulu kwambiri, ndipo mmenemo mukhoza kutsitsa kwambiri osataya kanthu kooneka. Anthu akuopsezana ndi zinthu zakale.

Thoko: Kusakaniza kuli mu 32-bit float, inde. Nanga pomaliza, manambalawo akamapita ku sound card, amapita ali otani? Amatsitsidwa kufika pa zimene mwasankha mu Default Format. Makompyuta ambiri amene ndawagwirapo ndimawapeza ali pa 16 bit, 48000 Hz. Pamenepo nkhani yanga ikadali ndi moyo.

Yamikani: Pamenepo ndavomera. Koma mankhwala ake ndi a sekondi khumi. Mphatso, lowa mu Control Panel, Sound, sankha sipika yako, Properties, Advanced, usinthe pa 24 bit. Pakati pa 24 ndi 16 pali ma bit asanu ndi atatu, ndiye kuti ukhoza kutsitsa mpaka 48 dB nyimbo ya CD ikadali yathunthu m'manambala. Tichipu ta Realtek tomwe tili m'malaputopu ambiri timalola 24 bit.

A Gondwe: Ana inu mwafika kutali ndi manambala. Kasinthe pa 24 yoyo, ka "shiiii" kachoka?

Yamikani: Ayi bambo, sikachoka.

A Gondwe: Ndi zimenezo.

Yamikani: Koma ndi zimene ndimafuna kufikapo. Pa pepala 24 bit ndi 144 dB, koma palibe sound card padziko imene imafika pamenepo, chifukwa mbali ya magetsi ili ndi phokoso lake. Zabwino kwambiri zimafika cha m'ma 120, za m'malaputopu zili pansi pa apo ndithu. Tingoyerekeza kuti yako ili ndi 95 dB pakati pa nyimbo yokwera ndi phokoso. Watsitsa ndi 25 dB, watsala ndi 70. Mu hedifoni sungamve kanthu chifukwa zonse zili pansi. Koma ukakweza 25 dB ija pa mikisa n'kuitumiza mu ampu yaikulu m'tchalitchi muli zii, aliyense amva. Ndiye chimene chikukupwetekani si ma bit kwenikweni, ndi chimene a Gondwe ananena poyamba pomwe.

A Gondwe: Ndalemba tsiku la lero, Yamikani wandivomereza.

Chikondi: Ine ndimangowerenga koma ndifunse. 50 pa Windows si theka la mphamvu?

Yamikani: Ayi achemwali. Manambala a 0 mpaka 100 aja anawakonza motsatira mmene khutu limamvera, si muyeso wa magetsi. Ngati mukufuna kuona zenizeni, mu Properties momuja pitani pa Levels, mudine kumanja pa kanambalako, musankhe decibels. Mudzaona kuti 100 ndi 0 dB pa makompyuta ambiri, kutanthauza kuti sakuwonjezera ndipo sakuchotsa. Mukatsika pa 20 mudzaona nokha kuti mwachotsa zochuluka bwanji. Zimasiyana malinga ndi sound card ndi driver yake.

China n'choti voliyumu zilipo zingapo zotsatizana. Ya mu pulogalamu yoyimbira, ya pulogalamu iliyonse mu Volume Mixer, ndi yaikulu ija ya pakona pafupi ndi wotchi. Ziwiri zoyambazo zimachitika m'manambala basi. Yaikuluyo, ngati sound card ili ndi chotsitsira chake, Windows imalamula chimenecho. Ngati ilibe, imatsitsanso m'manambala. Ndiye munthu amapezeka kuti YouTube ili pakati, Chrome mu mixer ili pakati, yaikulu ili pa 30, kenako akudandaula kuti laputopu ilibe mphamvu.

Madalitso: Nanga ife a VLC? Ndimaikweza mpaka kumapeto, pofiira paja. Imamveka yamphamvu kuposa mapulogalamu ena onse.

Thoko: Mayo ine. Pofiira paja ndi 125, ndipo pa kiyibodi imafika mpaka 200. Manambala ali ndi denga, timalitcha 0 dBFS, palibe chodutsa pamenepo. Nyimbo za masiku ano zimatuluka mu situdiyo zitagunda kale dengalo. Mukachulukitsa manambala ake kupitirira 100, nsonga zonse za mawu zimadulidwa kukhala zafulati. Khutu limamva ngati yakwera, koma chimene chawonjezeka ndi kukhakhala. Ya 125 ija imathandiza pa filimu kapena ulaliki umene unajambulidwa motsika, poti pamenepo pali mpata pansi pa denga. Pa nyimbo za dansi ayi.

Anzathu a Linux nawonso musaseke, pulogalamu yanu ya mawu ya PulseAudio imalola kudutsa 100 mpaka cha m'ma 150, mathero ake ndi omwewo.

A Gondwe: Ndipo ndi zimene zimapsereza ma tweeter, timasipika ta mawu osongoka tija. Mnyamata ndinamubwereka zida pa chinkhoswe china, pofika pa perekaniperekani anakweza chilichonse chimene chimakwezeka. Mawa lake ma tweeter awiri kununkha. Mawu odulidwa amadzadza timawu tosongoka tapamwamba, ndipo onsewo amathamangira ku tweeter.

Thoko: Pang'ono bambo. Kudulidwa kumawonjezeradi timawu tapamwamba, koma chachikulu n'choti bezi ikagunda denga siingakwerenso, pomwe mawu apamwamba a nyimboyo akupitiriza kukwera munthu akamapotozabe. Tweeter imalandira mphamvu yochuluka kwa nthawi yaitali, kawaya ka mkati kamatentha.

A Gondwe: Kaya ndi njira iti, ndalama ndinatulutsa ndine.

Mphatso: Ndiye ndikamuuze kuti 100 ponseponse?

Thoko: Mu pulogalamu yoyimbira 100 kapena pansi pang'ono, osadutsa. Pa yaikulu ine ndimakonda pakati pa 80 ndi 90, ndipo ndili ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, nyimbo ya MP3 ikamamasulidwa nsonga zake zimatha kudutsa denga pang'ono ngakhale yoyambirira sinadutse, ndiye kusiya 1 kapena 2 dB mu pulogalamu kumathandiza. Chachiwiri, tima ampu ta mahedifoni ta m'malaputopu ena timayamba kupotoza mawu tikafika kumapeto kwenikweni. Kutsika pang'ono choncho sikukubweretserani phokoso, mwangotaya ma dB ochepa. Kutsika mpaka pa 20 ndiye nkhani ina.

Yamikani: Apa tisiyana pang'ono. Kupotoza kumene mukunenako kumaoneka kwambiri kakamakankha hedifoni ya 32 ohms. Line ya mikisa ili ndi ma ohms masauzande, sikoka mphamvu. Ine ndinganene 100, pokhapokha makutu akuuze zina.

Thoko: Ayesere zonse ziwiri amve yekha. Chofunika achoke pa 20.

A Gondwe: Ndikupatse kachitidwe mwanawe, usavutike. Fader, kotsetsereka kokwezera tchanelo ya laputopu pa mikisa, pansi. Gain pansi. Yimba nyimbo yokwera kwambiri mwa zimene muli nazo. Dina PFL, batani loonetsa mphamvu ya tchaneloyo pa magetsi a mita, upotoze gain pang'onopang'ono mpaka magetsi obiriwira afike pa ziro, achikasu azingophethira mwa apo ndi apo, ofiira asayake. Ukatero usakhudzenso laputopu kapena gain. Kukweza ndi kutsitsa konse kuzichitika pa fader. Ndipo muuze mnzakoyo kuti dzanja lake lisamapite pa mabatani a voliyumu a pa kiyibodi mapemphero ali mkati.

Chikondi: Chenjezo kwa amene mukweze laputopu pa 100. Timawu ta Windows nato timatuluka pa 100. Kwathu abusa ali pakati pa pemphero munthu anazula flash, kulira kwake tchalitchi chonse chinatsegula maso. Mu Sound momuja muli pa Sounds, sankhani No Sounds.

Madalitso: Hahaha koma achemwali.

Yamikani: Poti mwafika kumeneko, onaninso pa Communications. Windows imabwera itatchera kuti ikazindikira kuti mukuyimba foni pa kompyuta, itsitse mawu ena onse ndi 80%. Ndiye ngati laputopu yomweyo ili ndi Zoom kapena WhatsApp, nyimbo imatha kugwa yokha, munthu n'kuthamangira kukweza gain, foni ikadulidwa nyimbo n'kubwerera ndi mphamvu zonse. Sankhani Do nothing.

Ndipo pa Enhancements zimitsani zonse. Loudness Equalization imakweza malo otsika a nyimbo n'kupondereza okwera. Usiku mukuonera filimu ana akugona ndi yabwino, koma pa zokuzira mawu imachititsa kuti nyimbo izipuma ngati munthu wothamanga, ndipo pamalo pachete imakuza kaphokoso ka m'nyimbo momwemo. Malaputopu ena amabweranso ndi mapulogalamu a kampani okometsera timasipika take tating'ono, owonjezera bezi ndi zina. Amenewo ndi amene nthawi zambiri amapangitsa anthu kukhulupirira kuti 100 imaswa mawu.

Limbani: Pepani kulowerera. Vuto langa ndi lina koma likufanana. Ndikalumikiza laputopu ku mikisa zoyimbira zimamveka, koma mawu a woyimba amakhala ngati ali m'chitsime, bezi kulibe. Ndakweza voliyumu zonse, palibe chasintha.

Thoko: Waya wanu uli ndi pulagi imodzi yaikulu ya mizere iwiri yakuda, ndipo mwailowetsa pa tchanelo imodzi?

Limbani: Ndendende.

Thoko: Si za voliyumu zimenezo. Bowo limenelo ndi la balanced, limatenga mawaya awiri n'kuchotsera wina kwa mnzake. Inu mwalipatsa kumanzere ndi kumanja kwa nyimbo. Chilichonse chimene chili chofanana mbali zonse ziwiri chimafafanizika, ndipo woyimba, bezi ndi ng'oma yaikulu amakhala pakati, ofanana mbali zonse. Pezani waya wa kapulagi kakang'ono mbali imodzi, mapulagi awiri osiyana mbali inayo.

Limbani: Zikomo asisi, ndinkafuna kupita nayo kwa okonza.

Mphatso: Ndabwerako. Ndadutsa kutchalitchi nthawi ya pulakatisi ya kwaya. Ndaika 24 bit, yaikulu pa 90, gain yatsika kwambiri, ka "shiiii" pokhapokha uyike khutu pa sipika. Koma tsopano ndazindikira kulira kwina, kwapansi, kwa "mmmm", ndi timawu ta "tsiritsiri" ndikamasuntha mbewa.

A Gondwe: Zula chaja umve.

Mphatso: Ndayesa kale bambo, ndikazula kumasiya.

Yamikani: Ndiye ndi ground loop. Laputopu yalumikizidwa ku earth kudzera pa chaja, mikisa nayo kudzera pa pulagi yake, ndipo waya wa mawu walumikiza ziwirizi. Kamphamvu kamazungulira m'njira imeneyo. "Mmmm" ameneyo ndi 50 Hz ya magetsi athu a 230V. "Tsiritsiri" ndi phokoso la m'kati mwa kompyuta ndi chaja likudutsa njira yomweyo. Taona, nalonso silitsika ukatsitsa voliyumu ya Windows, ndiye nyimbo ikamatuluka yamphamvu m'pamene limabisika. Yamba ndi kuika laputopu ndi mikisa pa extension imodzi. Zikakanika peza DI box, kabokosi koika pakati pa laputopu ndi mikisa, ya stereo yokhala ndi batani la ground lift, kapena ka isolator ka transformer.

Madalitso: Kapena ungothyola dzino la earth pa pulagi ya chaja, ambiri amatero.

A Gondwe: Iwe Madalitso, usamaphunzitse ana zimenezo. Dzino limenelo ndi limene limakuteteza chinthu chikaphulika m'kati. Maiki ali m'manja mwa munthu, pakamwa penipeni, ndipo onse alumikizana ndi mikisa yomweyo. Pa jenereta ndiye zoopsa kwambiri, poti ambiri saikhomera n'komwe chitsulo pansi. Ground lift ya pa DI imadula earth ya waya wa mawu okha, ya magetsi imakhalabe.

Madalitso: Ndamva bambo.

Chikondi: Nanga kugula sound card ya USB sikungathetse zonsezi?

Thoko: Kumathandiza, koma osati zonse. Yabwino imakupatsani phokoso lochepa ndi zotulukira za balanced, zofika pa mlingo wa zida za akatswiri. Zida za kunyumba zimayendera -10 dBV, pafupifupi 0.316 V, pomwe za akatswiri zimayendera +4 dBu, pafupifupi 1.23 V. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 12 dB, ndipo 12 dB imeneyo ndi gain imene simufunikanso kupotoza. Koma tija tating'ono tooneka ngati flash ta mtengo wa fanta, tambiri ndi 16 bit ndipo timalira kuposa ya m'laputopu momwemo. Ground loop nayo imatha kudutsa pa waya wa USB.

Yamikani: Ndipo mukagula yokhala ndi driver (pulogalamu yoiyendetsa) ya ASIO, musadabwe kuona kuti voliyumu ya Windows siikugwira ntchito mu pulogalamu yanu ya situdiyo kapena ya u DJ. ASIO, imene inapangidwa ndi Steinberg, imalambalala chosakanizira cha Windows, manambala amapita molunjika ku sound card.  Ndiye musanadine play koyamba, kabatani ka pa sound card kakhale pansi, makamaka ngati mwavala mahedifoni.

Limbani: Funso lomaliza kwa ine. Bwanji nyimbo yomweyo pa YouTube imamveka yotsika kuposa ya pa flash, zonse zili pa 100?

Yamikani: YouTube imatsitsa yokha nyimbo zokwera kwambiri kuti mavidiyo asamasiyane kutali. Dinani kumanja pa vidiyo, musankhe Stats for nerds, pa mzere wa Volume / Normalized mudzaona kuti yachotsa zingati. Spotify imachitanso zofanana, imalinganiza pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa nyimbo yonse) mukapanda kusintha. Ndiye mukatchera gain ndi nyimbo ya pa YouTube kenako n'kuyimba MP3 ya pa flash, ofiira ayaka. Tcherani ndi ya pa flash.

Mphatso: Mnzanga uja wawerenga zonsezi. Akuti wavomera za kuyimba, koma pojambula ulaliki akufunabe Microphone Boost ikhale pa +30, ati apo ayi mawu amatuluka otsika.

Thoko: Mukujambula kuchokera pati, pa mikisa?

Mphatso: Eya, kuchoka pa Rec Out kulowa pa kabowo ka maiki ka laputopu.

Thoko: Ndi vuto la Madalitso lija koma chobwerera. Mikisa ikutulutsa mlingo wa line, inu mukuulowetsa pa kabowo ka maiki n'kuwonjezanso 30 dB. Ngati zikutulukabe zotsika ndiye kuti laputopu yanu ili ndi kabowo kamodzi kophatikiza hedifoni ndi maiki, pulagi yanu siikukhudza pa maiki, ndipo mukujambula ndi kamaiki ka pa sikirini osadziwa. Yesani kugogoda pafupi ndi kamera muone ngati mita ikudumpha. Boost ikhale pa 0. Pa ntchito imeneyi sound card ya USB yokhala ndi line in ndiyofunikadi, mujambule pa 24 bit, abusa akakuwa kwambiri mita izifika cha pa -12 kapena -10. Zikatuluka zotsika mudzakweza mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity pambuyo pake, koma zimene zadulidwa pojambula sizikonzeka.

Mphatso: Wagogoda. Mita yadumpha.

A Gondwe: Ndiye maulaliki onse a chaka chino mwajambula fani ya laputopu ndi kukhosomola kwa mnzakoyo.